Mbawala Imene Agogo Anati Sinabwere

Fungo la mafuta a nsatsi likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna, a Namakhwa, atakhala pa mtondo wakale kuseri kwa nkhokwe kwathu kwa Kalembo, mfuti ili pamiyendo, akulowetsa kansanza m'kamwa mwake ndi kamtengo ka nsungwi, utsi wa fodya wawo ukuyabwa m'maso, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo. Mfutiyo anawasiyira Mzungu wina wogula thonje amene ankamuphera nyama, ndipo inali yolembetsa ku boma. Kuyambira ku Phalula mpaka kutsidya kwa Shire anthu ankati a Namakhwa sawombera kawiri.

Zipolopolo ankasunga m'kachitini, mitundu iwiri. Zina zinali ndi mutu wa mtovu, wofewa moti ankaudinda ndi chikhadabo. Zimenezi, iwo ankati, zikalowa m'thupi zimaphwatalala n'kutsalira momwemo, ndiye zoyenera gwape ndi mbawala. Zinazo zinali zokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga, za njati ndi mvuu, ndipo nyama yaing'ono zimangoiboola n'kupitiriza ulendo.

Sindidziwa chifukwa chake ankauza ine zimenezi, mwana wamkazi, pamene achimwene anga ankalakalaka ngakhale kungoikhudza mfutiyo. Tsiku lina anagwira mbuzi yathu, n'kuika dzanja langa kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo, chakumunsi pang'ono.

"Feresiya, ukumva chikugundacho? Mpamenepa. Pamutu iyayi, mutu sukhazikika, ungothyola chibwano nyama ikafe ndi njala. Pamimba iyayi, ikafera kutali mawa lake, iwe osaipeza."

Atatero anaisisita mbuziyo pakhosi n'kuipatsa madeya m'manja. Ine ndinangoima, osadziwa ngati andiphunzitsa kupha kapena kuweta.

Chaka cha njala yaikulu ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkadya mango osapsa ophika ndi mizu ina imene inkatizunguza mutu. Mayi anga anali ndi khanda, Yohane, ndipo mkaka unkauma tikuona. Chimene chinatsala chinali dimba la kudambo, koma nalonso mbawala inali italizolowera, ikumadya nyemba zisanakhwime. Mbawala imodzi ikanatidyetsa masiku ambiri, ina tikanasinthitsa ndi gaga.

M'mawa wina mayi anandituma kukathyola nkhwani. Ndinapeza agogo atakhala kale kuseri kwa chulu, ndipo anandikodola kuti ndikhale pansi. Dzuwa litangowomba mabango, inatulukira, yamphongo, yonenepa ngati kuti kudziko lake kunalibe njala. Agogo anatsegula mfuti mwakachetechete, n'kuchotsa chipolopolo, n'kuchipapasa kumutu ndi chala chachikulu, n'kuikamo china. Kenaka anachotsanso chimenecho n'kubwezeramo choyamba chija. Ndinali ndisanawaonepo akusinthasintha chonchi.

Poyamba nyamayo inatipenyetsetsa, ndipo ndinadziwa kuti akudikira kuti itembenuke. Inatembenukadi. Inaima cham'mbali, n'kuponya mwendo wakutsogolo, malo aja poyera, pafupi moti ndinkaona nthiti zikukwera ndi kutsika. Mfuti inali paphewa. Ndinatseka makutu ndi zala.

Palibe chinalira. Nditayang'ana, agogo anali atatsitsa mfuti. Mbawala inadya nyemba zathu mpaka kukhuta, n'kubwerera m'mabango pang'onopang'ono.

"Agogo, bwanji?"

"Kathyole nkhwaniwo, amako akudikira."

Titafika kunyumba amalume anatichingamira, maso ali pamapewa athu opanda kanthu.

"Kwayenda bwanji, bambo?"

"Lero sinabwere," anatero agogo.

Mayi anali pakhonde, Yohane akukoka bere louma. Anandiyang'ana ine. "Zoona, Fere? Ngakhale mapazi ake?"

"Sinabwere, mayi," ndinayankha. Palibe amene anandiuza kuti nditero.

Yohane anamwalira chimanga chisanayambe kuchita ngayaye. Sindikunena kuti nyama ija ikanamupulumutsa, pakuti ana ambiri anapita chaka chimenecho, ngakhale m'nyumba zimene munali kanthu. Koma agogo sanapitenso kudimba ndi mfuti, ndipo mvula ya chaka chotsatira isanathe anakaipereka ku boma.

Ndinayesa kudzifotokozera ndekha. Ndinaganiza kuti mwina anatsala ndi za mkuwa zokhazokha, ndipo kuseri kwa mabango kunali njira ya kuchitsime, chipolopolo chikanaboola nyama n'kukapeza munthu. Ndinakatsegula kachitini kaja mobisa, n'kupezamo za mtovu zitatu. Ndinaganiza kuti mwina maso awo anafooka, koma sabata yomweyo anandizula kaminga kuphazi kamene mayi analephera kukaona. Agogo aakazi, amene sankadziwa za tsikulo, nthawi ina anangonena kuti chibwerereni kunkhondo ya Azungu amuna awo ankatha kuuma pakati pa ntchito ngati aitanidwa ndi munthu. Nazonso sizinandikwanire, chifukwa atabwera kunkhondoko anapha nyama zaka zambiri.

Nditakwatiwa ku Nsanama ndinabwera kudzawaona akudwala, ndipo titatsala awiri ndinawafunsa.

"Tsiku lija kudimba, munalekeranji kuwombera?"

Ananditembenukira. "Iwe unaona mbawala?"

"Eee, agogo. Yamphongo."

"Chabwino," anatero. "Ndimafuna ndidzakufunse."

Mwezi usanathe tinawaika m'manda.

Mayi anakhala nane mpaka ukalamba wawo. Kawirikawiri tikamasenda nyemba ankati, "Ikanangobwera mbawala ija tsiku limene lija, agogo ako sakanaiphonya." Ine ndinkavomera. Anamwalira akudziwa choncho, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti bodza limenelo ndinasungira ndani.