Ndinasuntha thanki ya madzi

Palibe anandiuza. Zaka zinayi ndikukolopa m'chipatala chija kuno kwa azungu, kunsi kwenikweni kumene foni siigwira netiweki, palibe ngakhale mmodzi anandiimitsa n'kunena kuti bambo, ichi musakhudze. Amangokulambalala ngati ndowa.

Kunsiko kuli makina owotchera khansa. Makina enieniwo sindinawaonepo, ali kuseri kwa chikhoma chokhuthala. Akuti amathamangitsa tinthu tosaoneka ndi maso n'kutilunjikitsa pa chotupa cha munthu. Eni ake amati bimu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, nde musandifunse zambiri. Zochepa zomwe ndikudziwa anandiuza ndi nesi wina wa kwathu, wa ku Dedza, yemwe ndingathe kumubereka. Amanditchula ankolo.

"Ankolo, munathirirapo maluwa ndi paipi?" anatero tsiku lina tikumwa tiyi. "Madzi amphamvu amapita pakati, koma m'mbali mumakhala tina towazika. Bimu nayo ndi choncho. Towazikato amati helo. Tikachuluka, kapena bimu ikamagwedera, imawotcha pabwino. Chotupa chili apa, diso lili apa." Anaonetsa ndi zala ziwiri, pakati pake posakwana n'khobidi lomwe.

N'chifukwa chake amayeza bimuyo kawirikawiri. Loweruka lina lililonse, odwala kulibe, amabweretsa thanki yagalasi ya pa mateyala, n'kuidzaza madzi, n'kumawombera bimu m'madzimo. Mkati muli kachipangizo koyenda pang'onopang'ono, komawauza pamene bimu yadutsa ndi pamene yawazikira. Wamkulu wawo anali mayi wina wamtali wa magalasi, wosalankhulalankhula.

Loweruka limenelo ndinali pa shifiti. Cha m'ma 1 koloko ndinapeza chipinda chachiwiri chili chotsegula, getsi lapakhomo lili lobiriwira, mulibe munthu. Anali atapita kukadya. Thanki ili pakati, ndipo pansi pake madzi ali thapwi, otayika podzaza paja. Tsono supavaiza wathu nyimbo yake ndi imodzi: pansi pakanyowa munthu n'kuterereka, mlandu ndi wa wokolopa. Anatiuzanso kuti chilichonse cha mateyala muzisuntha, muzikolopa kunsi, musamazungulire ngati aulesi.

Ndinaponda buleki ya mateyala kuti imasuke, ndinakankha thankiyo pang'ono, mwina phazi limodzi, n'kupukuta. Kenako ndinaibweza. Ndinayang'ana mmene mateyala anadindira pansi, n'kuikhazika pomwepo. Ndinagwirapo ya ubilidala ku Lilongwe zaka zambiri, diso langa ndimalikhulupirira. Ndinachita kubwerera m'mbuyo n'kuiyang'ana bwinobwino, ndati ili mwakemwake. Panali timizere tofiira towala pagalasipo, koma ndinkadziwa bwanji kuti ndi timeneto amaimikira thanki? Chikwangwani panalibe. Ngakhale kapepala kolemba ndi bolopeni.

Lolemba m'mawa ndinapeza pachitseko chija atamata chipepala. Malo odikirira atadzaza, anthu ali duu. Nesi uja foni ili kukhutu, akupepesa wina, akadula n'kuimbiranso wina.

"Kwagwanji, mwana wanga?"

"Bimu ya chipinda chachiwiri yapendekeka, ankolo. Loweruka anapeza kuti yasuntha, helo yachuluka mbali imodzi. Atseka. Mainjiniya mwina afika mkuja."

"Loweruka nthawi yanji?"

"Masana, atabwerako kokadya. M'mawa akuti zinali bwinobwino. N'zomwe zikuwazunguza mutu."

Ndinagwiritsitsa mopu.

Pa anthu odikirawo panali mdala wina wochokera kutali, wokwera masitima awiri tsiku lililonse. Chotupa chake chinali kuseri kwa mphuno. Ankandipatsa moni nthawi zonse, amati bwana, ine wokolopa. Ndinaona akumuuza kuti zipinda zinazo zadzaza, abwerere kunyumba. Sanakalipe. Anangovala chipewa, n'kufunsa kuti kudumphitsa masiku kulibe vuto? Anamuyankha zozungulira. Atachoka ndinafunsa nesi uja funso lomwelo.

"Tsiku limodzi amakonza. Akachuluka si bwino. Chotupa sichipita ku holide."

Ndinalowa m'kachipinda kosungira mankhwala okolopera n'kudzitsekera. Ife ndi a ejensi, kampani yotitumiza kukakolopa m'malo osiyanasiyana. Si ife antchito a chipatala. Dzina lako likangolowa mu lipoti, palibe amakuchotsa ntchito, ayi. Foni imangosiya kulira basi. Ndinawaonapo anzanga zikuwachitikira. Ndipo ndinakwiya, mpaka pano ndikadali wokwiya. Anthu a madigiri atatuatatu, kusiya chinthu chotero chitseko chili pululu, kubwerako osayang'ananso ngati chili m'malo. Koma woti akaime kutsogolo n'kunena kuti ndine, akhale ine wa mopu.

Tsiku lonselo sindinanene kanthu. Ndinkadziuza kuti mwina si ine, mwina makinawo afadi. Ndinakolopa kolido imodzi kawiri. Pobwerera kunyumba ku Croydon ndinapitirira siteji yanga pa tiramu, kasitima ka mumsewu. Mayi akunyumba anandifunsa ngati BP yakweranso, ndati ndatopa chabe.

Lachiwiri mdala uja sanabwere, anali atamuimbira kuti asavutike. Mpando womwe ankakonda kukhala panali mayi wina ndi chikwama cha mankhwala, nayenso akumubweza. Ndinadikira nesi uja atuluke m'ofesi.

"Mwana wanga, thanki ija ikasuntha pang'ono, zimasintha?"



"Ankolo, mwatani?"

"Panali madzi pansi."

"Mayo ine. Munaisuntha?"

"Ndinaibweza pomwepo. Ndinali bilidala ine."

"Ubilidala wanuwo ndi wa njerwa. Apa amawerenga ngakhale kusuntha kochepa ngati tsitsi." Anapumira m'mwamba. "Tiyeni."

"Ukanene ndiwe. Unene kuti wamva mphekesera."

"Mphekesera za thanki? Tiyeni, ankolo. Ndiima pambali panu. Chizungu chikakuthawani ndikuthandizani."

Mayi wa magalasi uja tinamupeza pa kompyuta, maso ali psuu, patebulo mapepala a mizere yokhotakhota. Ndinanena zonse. Ndinkadikira kuti akalipe kuti nanenso ndimuuze zanga, ndinali nditazikonza kale. Sanakalipe. Anavula magalasi, n'kuyamba mafunso. Munakankhira mbali iti? Buleki munaipondanso? Madzi anakhavukira? Ndinapita naye m'chipindamo n'kumuonetsa ndi phazi. Anangoti zikomo pondiuza, n'kuitana anzake.

Anadzazanso thanki masana omwewo. Ine ndinkakolopa panja pa chitseko, getsi lili lofiira, alamu ikulira pang'onopang'ono. Maola atatu. Ndinkaopa ziwiri. Akapeza kuti bimu ili bwino, ndiye kuti ndine ndinabweza odwala masiku awiri. Akapeza kuti ndi yopendekekadi, ndiye kuti ndadziika mu lipoti pachabe, ndipo mdala uja azidikirabe. Sindinkadziwa kuti ndipempherere chiti.

Cha m'ma 4 nesi uja anatuluka.

"Ili bwino. Bimu ili pakati, helo ili mmene imakhalira. Mawa atsegula."

Anayamba kuimbira anthu nthawi yomweyo. Ndinamumva akuuza mdala uja kuti abwere 9 koloko, masiku awiriwo awonjezera kumapeto.

Lipoti linalembedwa. Mayi wa magalasi uja anandiwerengera yekha, analembamo kuti iwo sanaike chizindikiro ndiponso sanayang'anenso thanki atabwerako. Zimenezo ndimamulemekeza nazo. Koma dzina langa linalimo, ndipo lipoti likafika ku ejensi sawerenga ndime yachiwiri. Supavaiza, yemwe uja wa muzisuntha chilichonse, anandiuza osandiyang'ana kumaso kuti ndikanayenera kufunsa. Ndinamufunsa kuti ndikanafunsa ndani, khoma? Anati mayankhulidwe anga nawonso awalemba.

Lachisanu baji yanga, kakhadi kolowera, inakana kutsegula chitseko cha kunsi. Foni inakhala chete masabata awiri. Italira, anandipatsa maofesi ena ku Edmonton, masiku atatu pa sabata, ulendo wa maola awiri kuchoka ku Croydon. Ndinavomera. Akuti nkhani yanga akuiunikabe, ndipo kalata ibwera. Miyezi isanu yatha tsopano.