Mtedza Wathu pa Siteshoni

Siteshoni ya sitima ya kwathu anaimanga ndili mtsikana. Njanji yochokera ku Lilongwe inadula munda wa bambo anga pakati, koma iwo sanadandaule, poti ankati chitukuko chafika. Malowo analidi osiririka: chipinda chodikiriramo cha mabenchi, kawindo kogulitsirapo matikiti, mpopi wa madzi, zimbudzi ziwiri zopaka laimu, ndi shedi yaikulu yosungiramo katundu.

Pomwe matipate ankabwera n'kuti ndili pabanja kwa Zulu, ana anayi. Sitima ya anthu inayamba kudumpha masabata, kenaka inangosiya osatsanzika. Anthu anazolowera matola ndi maminibasi. Mpopi unauma. Zitseko za zimbudzi zinasowa, malata a shedi n'kumachoka limodzilimodzi. Pamalopo panangotsala akalaliki, bambo wachikulire amene anayamba ntchito siteshoni itangotsegulidwa. Ankasesabe pakhonde m'mawa uliwonse, atavala chipewa chawo cha yunifolomu.

Chaka china ife amayi a kalabu ya mtedza tinakolola bwino, ndipo wapampando ndinali ine. Mavenda ankagula motibera, eni malole nawo ankatchula mtengo wothyola khosi. Ndinamva kuti sitima ya katundu imabwerabe mwa apo ndi apo ndi feteleza, n'kubwerera yopanda kanthu. Ndinapita kukaonana ndi akalaliki.

"Bogi imodzi ikhoza kupezeka, mayi," anatero. "Ndilemba kalata kwa mabwana. Inu bweretsani matumbawo akhale pafupi, chifukwa sitima ikafika siidikira munthu."

Ndine ndinawanyengerera anzanga. Ena ankakayika, makamaka mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, koma ndinawauza kuti ku Lilongwe tikagulitsa tokha, popanda wotidyera pakati. Tinatuta mtedza pa ngolo masiku atatu, n'kuusanja mu shedi, mbali yomwe kunali kutatsala malata. Tinkalondera mosinthana, ife masana, amuna athu n'kumatilandira madzulo.

Sabata inatha. Yachiwiri inathanso. Foni ya pasiteshoni inali itafa kalekale mawaya atabedwa, choncho akalaliki ankapalasa njinga kupita ku boma kukaimba. Akabwera yankho linali lomwelo: mabwana ali pa msonkhano. Tinkakhala pa mabenchi aja kumwa madzi obwera nawo kunyumba, ndipo wofuna kudzithandiza ankapita kutchire, zimbudzi zili pomwepo.

Sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, tinamva kulira kwa sitima. Amayi anadzuka, ena kuyamba kale kukoka matumba. Inali ikuchokera kumalire a Zambia, mabogi onse opanda kanthu, zitseko zili yasa. Akalaliki anaimika ndi mbendera yofiira. Ndinathamangira kwa woyendetsa.

"Bambo, mtedza wathu ndi uwo. Anthu okweza alipo, sitikuchedwetsani."

"Chikalata chili kuti?"

"Kalata inapita kale," anayankha akalaliki.

"Ine sindinauzidwe, mdala. Ndikanyamula popanda chikalata, ntchito yanditha. Mudzandilemba ndinu?"

Ndinagwada pamiyala ya njanji, ine mayi wa ana anayi, pamaso pa munthu wamsinkhu wa mng'ono wanga. Anangoyang'ana kumbali. Sitima inanyamuka, mabogi akudutsa imodzi ndi imodzi, mkati tikuonamo fumbi la feteleza lokhalokha.

Mlamu wanga anati titute tibwerere kumudzi. Ine ndinakana. Ndinati tidikire sabata imodzi yokha, chikalata chibwera. Apa ndiye ndinalakwa, ndipo sindibisa.

Patapita masiku anayi kunagwa chizimalupsa, chamkuntho. Malata otsala aja anasasuka, madzi n'kulowa pamwamba ndi pansi pomwe. Tinayanika pakhonde la siteshoni, pamabenchi, pena paliponse, koma mtedza unali utagwira chuku. Wosankhika unali wochepa. Tinaugulitsa kwa wamalonda wina wopita ku Zambia, pa mtengo umene mpaka lero sindifuna kuutchula.

Pa msonkhano wotsatira anandichotsa pampando. Palibe ananditukwana, ndipo mwina kunditukwana kukanakhalako bwino. Mlamu wanga anasiya kulowa m'nyumba mwanga, moni n'kumangondipatsira panjira.

Chimanga chitafika m'mawondo, ndili kupalira kuseri kwa nyumba, ndinaona akalaliki akutsika panjinga. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa envulopu.

"Chikalata chija chafika dzulo, mayi. Bogi ativomereza."

"Ndiye ndichite nacho chiyani, bambo? Mtedza wake uti?"

"Ndimangofuna muone kuti sindinakunamizeni."

Ndinachiwerenga. Chinalidi ndi chidindo, dzina la kalabu yathu atalilemba molakwika. Mtima unandiwira, koma wokalipira panalibe, poti munthu wamkulu anali atapalasa ulendo wonsewo, thukuta lili kamukamu. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Anakhala pang'ono, nandiuza kuti nawonso awauza kuti apume pantchito mwezi ukatha. Atapita ndinabwerera kukapalira.