Maola Atatu a Ostap Lukych

Zoryana Hnatiuk anatha zaka zinayi ku yunivesite akuphunzira utolankhani, ndipo anatulukako ndi lamulo limodzi: nkhani ndi ya woyamba kuitulutsa. Tchula malo, tchula nthawi, usachedwe.

Pa kanyuzipepala ka m'tauni yakwawo, kufupi ndi malire kumene kunali nkhondo, anapeza a Ostap Lukych, mkulu wojambula zithunzi amene sukulu ya utolankhani sanaipondeko n'komwe. Iwo ankaphunzitsira pakhonde, ndudu ili pakamwa, buledi wakuda ali pabondo.

"Iwe pulofesa," ankamunyogodola, "mzinga ukagwa, foni izilowa m'thumba maola atatu. Oponyawo nawonso amawerenga nkhani zakozo. Ukawaonetsa pomwe wagwera, wawathandiza kulunjika."

"Inu a Ostap Lukych, maola atatu? Nkhani ikhala itazizira ngati msuzi wa borshch wadzulo."

"Wadzuloyo ndiye wokoma, mwanawe."

Zoryana ankangoseka. Kumva kunali kuti!

Lachiwiri lina masana mzinga unagwera pa nkhokwe ya tirigu. Awiriwo anafika limodzi. Zoryana anajambula utsi, thanki yamadzi ya tauniyo, yodziwika ndi aliyense, ikuoneka kumbuyo, n'kuponya pa intaneti mphindi khumi zisanathe. Kenako anathamangira ku ofesi kukalemba, akudzimva kuti lero ndiye wagwira ntchito. A Ostap anatsala, kamera ataiika pansi, akuthandiza ozimitsa moto kukoka paipi.

Patatha mphindi makumi anayi, mzinga wachiwiri unagwa pomwepo.

Palibe anamuloza chala Zoryana. Ena ankati adaniwo amaponya kawiri chikhalire, kaya pali chithunzi kaya palibe. Koma adziwa ndani? Funso limeneli likumudya mpaka lero. Masiku ano Loweruka lililonse amasonkhanitsa atolankhani atsopano m'chipinda chapansi pa laibulale, kuwaphunzitsa kumanga lamba woletsa magazi, ndiponso kudikira. Akamati nkhani izizira, iye amawakalipira mpaka amadabwa kuti mayiyu wadya chiyani.

Chimene sawauza ndi cha kuchipatala. Anapitako tsiku lachitatu kukaona a Ostap. Bulangete linali lathyathyathya pomwe panayenera kukhala mwendo wamanzere wa a Ostap. Mkuluyo anapempha foni, nayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, kenako anamubwezera.

"Unajambula bwino, pulofesa," anatero. "Thanki ija ikuoneka bwino zedi."