Mavayolini a M'nyimbo ya Achemwali

Situdiyo yanga ili kuseri kwa golosale pa Chinakanaka. Ndi kachipinda kamodzi, makoma ndinawamata matiresi akale ndi matileyi a mazira, ndipo mvula ikayamba kumenya malata ntchito imaima. Ndimajambula makwaya, oimba a m'misonkhano ya chitsitsimutso ndi ena ongofuna kumveka pa wailesi. Anthu amati ndine wa mtima wapachala. Sindikana. Munthu akamaphonyaphonya ndimamuuza kuti akalime nandolo, kuimba awasiyire ena.

Nyimbo imene inandikhalitsa pansi inali ya achemwali anga aakulu. Iwo ankatsogolera kwaya ya amayi a kumpingo kwathu, ambiri mwa iwo othyola tiyi ku esiteti. Anandiitana kuti ndijambule nyimbo imodzi yomwe anapeka okha, kutatsala pang'ono kuti apite kuchipatala kukachotsa chithokomiro. Opaleshoni inayenda bwino, koma mawu oimbira sanabwererenso. Mpaka lero amayankhula mosasa, ngati munthu wonong'oneza mnzake m'tchalitchi. Zimene ndinajambula tsiku lija ndi zokhazo zimene zilipo. Panalibe zoti bwerani tibwereze.

Asanapite kuchipatalako anandisiyira pempho limodzi.

"Amalume awo, nyimbo yangayo muikemo zija zimalira pa wailesi, zokhwekhweretsa ndi uta zija."

"Akunena kaligo wa azungu," anatero alamu, amuna awo, amene amagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu ndipo sadutsa nkhani osaithira mchere.

Ndinavomera, chifukwa ndinkaona ngati ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Kajambulidwe kanga nkakuti ndimayamba ndaimba nyimboyo pa kiyibodi, oimba n'kuvala mahedifoni kuti azimva kiyi ndi liwiro lake. Akatero sasochera, ndipo chilichonse chimene ndingaike pambuyo chimakhala bwino. Koma amayi aja ndinawapeza m'tchalitchi atavala yunifolomu, maduku oyera atamangidwa mfundo yake kumbali. Hedifoni inakana kukhala pamwamba pa mfundoyo. Ndinati avule maduku.

"Tiimbire Mulungu mitu ili pamtunda?" anafunsa mayi wina wa alito. "Pamaso pa inu?"

Ndinakalipa. Ndinanena za zingwe zimene ndinanyamula, za batire, za nthawi. Achemwali anangopinda manja.

"Kalipani mumalize, amalume awo. Ife tiimba mmene timaimbira."

Ndinaimika mamaiki, ndinawapatsa noti yoyamba pa kiyibodi, iwo n'kuyamba, mapazi akusuntha pasimenti. Anaimba bwino moti ndinaiwala kuyang'ana pa laputopu. Achemwali ankaponya mzere, amayi n'kuwolokera nawo. Ndinanyamula katundu wanga ndili wokhutira.

Kuno ku Mulanje sindikudziwa munthu woimba vayolini. Ife timagwiritsa ntchito zimene timazitcha malaibulale. Kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa akatswiri a mavayolini ndi achelo, mavayolini aakulu a mawu a besi aja, n'kuwajambula noti iliyonse payokha, yofewa, yamphamvu, yaifupi, yokoka. Akamaliza amazimanga mtolo umodzi. Iwe ukadina batani la kiyibodi, amene akulira ndi anthu aja. Mnzanga wa ku Limbe anandiikira malaibulale atatu oyeserera. Laputopu yanga ndi yokalamba, malo osungira laibulale yonse yathunthu analipo a imodzi yokha. Ndinayenera kusankha.

Ndinaziyesa masana ena kukutentha, alamu atakhala pa kireti pakhomo, akusenda nanazi yomwe inakanika kugulidwa.

Yoyamba inali yaikulu, gulu lonse la oimba, lojambulidwa mu holo ya kwawoko. Ndinadina chala chimodzi, kachipinda kanga kanasanduka kanema. Ukachotsa chala mawu sankatha msanga, ankayendayenda m'makoma a holo ija kenako n'kuzilala pang'onopang'ono. Laputopu inayamba kupuma ngati minibasi pa chitunda, mawu nthawi zina n'kumathetheka, koma sindinasamale.

"Eee, alamu," anatero alamu, mpeni uli m'mwamba, "awa ndi maliro a bwana wa esiteti. Ife sitingaloledwe n'kulowa komwe."

Vuto ndinaliona pomwepo koma ndinalikhululukira. Noti zake zinkachedwa kutuluka. Ukadina, mawu amayamba ngati munthu wodzuka kutulo, ndiye umayenera kudina nthawi isanakwane.

Yachiwiri inali yowala, yachangu. Pa noti zifupizifupi inkathamanga bwino. Koma ukabwereza noti imodzi kangapo inkamveka chimodzimodzi, tha tha tha, ngati makina a telala wa pa Nkando. Ndipo ukakoka noti yaitali umamva pamene anailumikiza kuti izizungulira, kamfundo kobwerabwera. Khutu likangokagwira kamodzi silimvanso china. Nyimbo ya achemwali ndi yokoka, ndiye iyi ndinaikankhira pambali.

Yachitatu inandikwiyitsa. Oimba anayi okha, mavayolini awiri, ina yokulirapo ndi chelo, ojambulidwa m'kachipinda kouma kopanda eko, mawu obwerera m'makoma aja. Umamva uta ukukanda nsambo. Pena umamva munthu akukoka mpweya asanayambe.

"Uyu ndiye kaligo weniweni," alamu anaseka. "Ngati uja ankaimba agogo ochokera ku Milanje, wa chikopa cha ng'azi."

"Ndiye ndiike zimenezi m'nyimbo ya akazi anu? Anthu aziti ndinajambulira m'khola?"

Ndinasankha yoyamba ija. Ndinaiyala pansi pa mawu a amayi, ndipo vesi yoyamba inatuluka yokoma moti ndinaimirira. Vesi yachiwiri china chake chinayamba kundiyabwa m'khutu. Pofika kolasi yomaliza zinali ngati amphaka akumenyana padenga. Ndinabwereza, ndinayang'ana zala zanga, ndinayang'ana noti. Zonse zinali m'malo mwake. Ndinamenya tebulo mpaka wa golosale anagogoda khoma kufunsa ngati kwagwa chinthu.

Nditazimitsa mavayolini n'kumvera amayi okha ndi kiyibodi, ndinapeza pamene panali nkhani. Anayambira pa kiyi imene ndinawapatsa. Koma kolasi iliyonse, nyimbo ikamawalowa, ankakwera pang'ono, onse pamodzi, liwironso n'kumawonjezeka. Sanakwere mpaka kufika pa kiyi yotsatira ayi. Anakathera pakati, pampata wa batani loyera ndi lakuda, pomwe chala sichingadine. Ndi mmene timaimbira kuno, kumaliro ngakhale kutchalitchi, ndipo palibe amene amaona cholakwika chifukwa palibe amene amatsala. Mahedifoni aja akanawagwira. Maduku anapambana, ndipo tsopano azungu a mu holo anali ataima pamalo amodzi amayi akupita.

Pali pulogalamu yokokera mawu a munthu kuti akhale pa noti yoyenera. Ndinaigwiritsa ntchito. Ndinawatsitsa amayi onse, vesi ndi vesi, ndinawongola liwiro, mpaka anagwirizana ndi mavayolini. Pa laputopu zinkaoneka zaukhondo. Ndinaika nyimboyo mu foni, ndinatenga kasipika, ndinakwera minibasi kupita kwa achemwali kufupi ndi Nkando.

Ndinawapeza pakhonde akusola nandolo, kansalu atakulunga pakhosi kubisa chipsera. Anamvera nyimbo yonse manja akugwirabe ntchito. Itatha anafunsa ndi mawu awo osasa aja.

"Akuimbawo ndi a mpingo uti?"

"Ndi inu, achemwali. Simukudzimva?"

"Mawuwo ndi anga. Koma akuimbayo ngati sanadye." Anataya makoko m'lichero lina. "Zoliralirazo n'zokoma, musadandaule. Ngati zavuta ingozisiyani, amalume awo. Ndinaimba kale, amene anamva anamva."

Sanapemphe kuti ndibwereze. Chimenecho ndicho chinandipweteka. Munthu amene nyimbo yake yomaliza ili m'manja mwako, n'kumvera kamodzi kokha, n'kubwerera ku nandolo. M'minibasi pobwerera ndinakangana ndi kondakitala pa nkhani ya windo, ndipo iye sanalakwe kanthu.

M'mawa mwake ndinabweza mawu a amayi mmene analili. Ndinati ngati wina ayenera kusuntha, asunthe ndi mavayolini. Ndinayambanso kuyesa malaibulale aja, koma tsopano funso linali lina. Sindinkafunsanso kuti yokoma ndi iti. Ndinkafuna yololera kupindidwa.

Kumanzere kwa kiyibodi kuli kagudumu kokwezera kapena kutsitsa noti pang'ono. Ndinayamba ndi yaikulu ija. Nditakankha kagudumu, noti inakwera, koma holo yonse inakwera nayo. Eko ya noti yapita, yomwe inali isanazilale, inapindikanso, ndipo zonse zinamveka ngati kaseti imene wailesi yayamba kutafuna. Holoyo anaijambulira pamodzi ndi oimba, sungaichotse. Chimene chinandikopa tsiku loyamba ndi chomwecho chinaiwononga. Ndinayesa njira zina, ndinatukwana pang'ono, sizinasinthe.

Yachiwiri ikakwezedwa inkaonda n'kumalira ngati udzudzu, ndipo kamfundo kaja kankabwera mofulumira.

Ndinatsegula ya m'khola ija monyinyirika. Ndinakankha kagudumu. Noti inakwera yokha, mwakachetechete, popanda chokoka kumbuyo, monga amachitira munthu akasuntha chala pa nsambo. Popeza oimba anayiwo aliyense anali payekha, ndinkatha kukweza chelo mosiyana ndi vayolini. Ndinapezanso kuti ukadina noti yachiwiri usanasiye yoyamba, mofewa, vayolini imatsetsereka kukafika pa inzake m'malo modumpha. Amayi a kwathu amalowa noti choncho, amayambira pansi n'kukwerera. Ndinakhala kanthawi ndikungotsetsereka pakati pa noti ziwiri ngati mwana wapeza choseweretsa.

Ndinafufuta yaikulu ija mu laputopu kuti iyi ipeze malo. Chala chinazengereza, sindinama. Mawu ngati amene aja sindinawagwirepo chiyambire ntchito imeneyi.

Ntchito yotsatira inali yotopetsa ndipo palibe chokamba chambiri. Ndinazimitsa kawotchi kowerengera liwiro n'kumaimba ndi manja, kutsatira mapazi a amayi amene ankamveka pansi pa nyimbo. Kenako ndi mausi ndinkajambula mzere wokwera pang'onopang'ono, kutsatira mawu a achemwali, mzere ndi mzere, woimba aliyense payekha. Magetsi akazima ndinkakhala panja kuonera mitambo ikutsika m'phiri, akayaka n'kubwerera. Zambiri zimene ndinalemba poyamba ndinazichotsa. Oimba anayi sangabise munthu, ndiye pamene achemwali akuponya mzere ndinasiya chelo yekha pansi, mavayolini n'kumalowa pamodzi ndi amayi poyankha. Kukanda kwa uta kuja, komwe ndinkadana nako, kutasakanikirana ndi kupuma kwa amayi ndi kukhwekhwereza kwa mapazi, sikunkamvekanso ngati chilema. Eko sindinawonjezere yambiri. Ya tchalitchi chathu, ya malata ndi simenti, inali kale m'mamaiki.

Ulendo wachiwiri ndinapeza alamu aliponso, akukonza tcheni cha njinga pabwalo. Achemwali anali pampando pakhonde. Ndinangoika kasipika pa ndowa yovundikira n'kudina.

Vesi yoyamba anamvera nkhope ili gwa, ngati akuyembekeza za tsiku lija. Vesi yachiwiri chala chakuphazi chinayamba kugunda pansi. Pofika kolasi yomaliza, paja amayi anakwera n'kukathera pampata, mavayolini anakwera nawo, ndipo ndinaona milomo ya achemwali ikuyenda. Mawu sankatuluka, kankangomveka kampweya, koma ankaponya mzere uliwonse pa nthawi yake, dzanja lili pa kansalu ka pakhosi. Alamu anasiya tcheni.

Nyimbo inatha. Nkhuku inadutsa.

"Okhwekhweretsawo akutidziwa," anatero achemwali. "Mwawatenga kuti?"

"Ndi aja ndinkati a kaligo," alamu anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Alamu ankawanyoza. Muwagulire maduku, alowa kwaya."

"Bwerezani."

Ndinabwereza. Kenako anati ndibwerezenso, ndipo anaitana mayi woyandikana nawo nyumba kuti adzamve. Ulendo umenewo anamvera atatsinzina, ndipo itafika pakati anakweza chala.

"Apo. Vayolini wanuyo waphimba mayi wa alito. Mumutsitse."

"Achemwali, mukudziwa ntchito imene ndagwira pamenepo? Mzere umenewo ndaukonza ndi dzanja, kadontho ndi kadontho, magetsi akuzimazima, inu mukungoti mumutsitse ngati ndi wailesi!"

Anandiyang'ana, maso akuseka.

"Kalipani mumalize, amalume awo. Mukamaliza mumutsitse. Lachinayi amayi akukumana, ndikufuna ndipite nayo ndekha."

Chichokereni kuchipatala anali asanapondeko ku msonkhano wa amayiwo. Ankati akakhala pakati pa anthu oimba iwo ali chete, pakhosi pamawawa kuposa bala.

Ndinakwera minibasi kubwerera pa Chinakanaka, ndinatsegula laputopu, ndinamvera malo aja. Vayolini inalidi pamwamba. Ndinaitsitsa, ndinaika nyimboyo pa memole khadi, ndipo Lachitatu alamu anadzaitenga pa njinga. Anandisiyira nanazi ziwiri pakhomo, imodzi yowola mbali.