Maboloti atatu m'beseni la palafini

Bwana amene ndinkamuyendetsa ku Madinat Khalifa, mu mzinda wa Doha, anali ndi mfuti khumi ndi imodzi mu kabati yagalasi, m'chipinda chake cholandirira alendo chimene iwo amati majilisi. Zonse zinali zakale, za asilikali a nkhondo yachiwiri ija, zotsekedwa mipope kuti zisaombenso, iliyonse ndi pepala lake la boma. Ankazikonda kuposa ana ake, sindikunama. Kiyi wa kabatiyo ankasunga mlonda wa pageti, mdala wa ku Chipata amene anagwira ntchito pakhomopo zaka zambiri. Ine ndinkawatchula kuti malume. Ndi iwo amene anandiphunzitsa misewu ya Doha ndili mlendo, ndipo tinkadyera mbale imodzi.

Zitatu mwa mfutizo zinali Maki Folo, zofanana ndi imene bambo anga ankanyamula ali wapolisi ku Dedza. Loweruka lililonse ankaiphwasula pamkeka, nkumati mfuti yakuda imachititsa manyazi mwini wake. Ndiye ine ndikaona za bwana zili bii ndi mafuta ouma, manja ankandiyabwa. Munthu wolemera chonchi kulephera kupukuta katundu wake?

Sabata ina bwana ali paulendo kunawomba mphepo yafumbi masiku awiri, ine ndinapeza chonamizira chakuti fumbi lalowa m'kabati. Ndinapempha kiyi. Malume anakana kawiri, kachitatu anandipatsa chifukwa ndinawatopetsa. Ndinachotsa maboloti a mfuti zitatuzo, zitsulo zokoka zija zimene zimalowetsa chipolopolo, ndinawaviika onse m'beseni la palafini, ndinawapukuta mpaka kuwala, nkubwezera. Iliyonse inalowa bwinobwino. Kwathu chitsulo chikalowa ndiye kuti chalowa. Njinga yanga ya kumudzi ili ndi foloko ya njinga ina, tcheni cha inanso, koma kumsika imafika. Sindinkadziwa kuti boloti iliyonse ili ndi nambala yofanana ndi ya mfuti imene inatuluka nayo ku fakitale.

Lachisanu lotsatira, atabwera kopemphera, bwana anandituma ku hotelo kukatenga mzungu wina wokalamba, katswiri woyesa mfuti zakale. Anandiuza kuti ndidikire pakhomo la majilisi kuti ndimubwezenso akamaliza. Mzunguyo anavala magolovesi oyera, natulutsa katochi ndi galasi lokulitsa zinthu. Mfuti iliyonse ankaitembenuza pang'onopang'ono, kuona ngati thabwa lake ndi lomwe lija, ngati zidindo zikugwirizana, ngati masikuluu anakhudzidwapo. Ndinkayembekeza kuti akafika pa zanga zowala zija ayamikira.

Atatenga Maki Folo yoyamba anaiyang'anitsitsa. Anaibweretsa pamphuno nkununkhiza. Kenako anauza bwana kuti boloti imeneyi si ya mfuti imeneyi, ndipo wina waigwira posachedwa.

Bwana sanakuwe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Anaitanitsa malume. Analowa atavula nsapato, kapusi ili m'manja. Bwana anawafunsa amene ali ndi kiyi, iwo anati ndi iwo okha. Anawafunsanso kuti boloti yeniyeni anaigulitsa kwa ndani, uku akuika foni yake patebulo pomwe tonse tinkaiona. M'dziko lija chitsulo cha mfuti chikasowa si nkhani ya pakhomo ayi. Ndi polisi, ndende, kenako ndege.

“Wallah, boss, I no sell anything,” analumbira malume. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Ine ndinangoti duu. Ndinaganiza za kontirakiti yanga, za mkazi wanga ku Area 25, za nyumba imene inali isanafike padenga. Ndinadziuza kuti mdalayu wakhalitsa, mwina amukhululukira. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero, koma ndi zimene ndinaganiza. Mzungu anatenga mfuti yachiwiri, nawerenga nambala, napukusa mutu. Bwana anatola foni nkuyamba kudina.

Pamenepo mpamene pakamwa panga panatseguka. Chizungu chonse chinandithawa, ndinangoloza pachifuwa panga, kenako mfuti yachitatu, nkumazunguza manja ngati wosakaniza nyemba m'lichero. Mzungu ndiye anayamba kumva. Anayala mfuti zitatuzo pa kapeti, nachotsa maboloti, nkumawerenga nambala imodziimodzi mokweza. Anabwezera iliyonse ku mfuti yake. Zonse zinagwirizana. Anati palibe chimene chasowa, kupatula mafuta akale aja amene ndinachotsa, omwe anali umboni wakuti mfutizo sizinaseweretsedwe. Amenewo sabwerera.

Bwana anandinena kuti ndine bulu, m'Chiarabu ndi m'Chizungu momwe. Ndinavomera, unali ubulu ndithu. Ndinkadikira kuti andiuze zolongedza, koma mayi ake okalamba anali atazolowera kuti ine ndiziwaperekeza ku chipatala, ndipo sankafuna dalaivala wina. Bwana anatembenukira kwa malume.

“I gave you the key. You. Khalas.”

Khalas m'Chiarabu ndiye kuti basi, ntchito yawathera. Ndinagwada pa kapeti pomwepo kupepesa, kunena kuti wolakwa ndine, kuti ndinawakakamiza. Bwana anali atayamba kale kuthirira mlendo wake khofi.

Patatha masiku anayi ndinaperekeza malume ku bwalo la ndege, pa galimoto ya bwana yomweyo, poti dalaivala ndinali ine. Tinadzera ku dera la Al Muntazah kuti akatsanzike anzawo a kwawo. Njira yonse ndinkafuna andikalipire, anditukwane, koma ankangoyang'ana pawindo. Titafika anatsitsa okha chikwama chawo.

“Mphwanga, munachedwa kuyankhula, koma munayankhula. Bwererani, kuli traffic, angakufuneni.”

M'mawa mwake kampani yopereka alonda inatumiza mlonda wina, bambo wa ku Lusaka, wamtali ngati malume. Anamupatsa yunifolomu yomwe ija, inamukwana bwinobwino. Tikutuluka pageti, bwana anatsitsa galasi pang'ono, namuyang'ana kamodzi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Same same,” anatero, nandiuza kuti tizipita.