Mlatho wa Alamu, Dzina la Mbuzi

Mlatho usanamangidwe, malo aja pamsewu wafumbi wopita ku Champhira ankatchedwa Padazi. Dazi lake linali langa. Ndinkagulitsa tomato pamenepo, ndipo matola akafika kondakitala ankakuwa kuti, "Padazi wotsika!" Ndikulumbira, dzuwa likawomba pamutu panga madalaivala ankaona kuwala akadali ku Jenda.

Kenaka mlatho unamangidwa, ndipo anati aupatsa dzina la alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, wapolisi wopuma pantchito. Akuti chaka china mtsinje utasefukira anawolotsa ana asukulu pamsana. Sindikukana. Koma nsapato zawo anagwirizira ndani? Ine. Nsapato ya wapolisi, imodzi yokha, imalemera ngati thumba la feteleza.

"Abambo, valani jekete," anatero mkazi wanga tsiku lamwambo. "Ndipo chotsani nkhope yamaliroyo."

"Ndi yachimwemwe imeneyi."

"Mbwenu musakondwe chomene, ana angathawe."

Pamlatho anamangapo riboni, chikwangwani n'kuchiphimba ndi nsalu. Akuluakulu a ku Boma anachedwa mpaka woimba lipenga anamera ndevu tikuona. Alamu anali khale kutsogolo, mendulo zili waliwali pachifuwa. Anandikodola.

"Alamu, musadandaule. Muzigulitsabe tomato pamlatho wanga, sindikumangani."

Ndinangoti yewo.

Zolankhula zili mkati, mbuzi yanga, yomwe ndinaimangirira kuseri kwa benchi la tomato, inadula chingwe. Inayenda mwaulemu ngati mlendo woitanidwa, n'kuyamba kudya riboni. Pomwe bwana wa ku Boma ankatembenuka ndi sizasi, anapeza mlatho watsegulidwa kale. Oimba ataona riboni ili pansi anayamba kuimba, amayi n'kululutira.

Chikwangwani chilipo mpaka lero, dzina la alamu lili pomwepo, koma palibe amachiwerenga. Tsiku lamwambolo mtima unakhala pansi, ndinati basi Padazi pabwerera. M'mawa mwake matola anaima, kondakitala n'kukuwa: "Pambuzi wotsika!"

Dazi ndikadali nalo. Masiku ano alamu amabwera kudzakhala nane pabenchi, tonse kuonerera apaulendo akupereka moni kwa mbuzi. Ine apaulendowo amangondifunsa ngati ndine woisamalira.

Ndinanola mpeni pa Khirisimasi kuti ndiiphe mbuziyo. Mkazi wanga anaulanda. Akuti pabanja pathu ndi yokhayo yodziwika mpaka ku Boma.