Lenzi ya Mphete Inatsala ku Maddington

Lachiwiri, sabata yoyamba ya holide ya Seputembala.

Sikisi koloko m'mawa ndinali chikhalire pansi m'khitchini mwathu ku Maddington, malenzi atatu a kamera ya adadi ndawandanditsa patsogolo panga. Anti Mwayi, mng'ono wawo wa amami, anali atakweza kale chikwama changa pa sikelo ya kubafa.

"Lenzi imodzi basi," anatero. "Ine ndimanyamula odwala sabata yonse. Sindikanyamulanso magalasi a bambo ako kuthengo."

Aphunzitsi athu a zojambula akufuna chithunzi chimodzi cha chamoyo cha m'tchire tikatsegulira sukulu. Anzanga onse ali nazo kale, ine ndilibe. Ndiye Anti anati tikagone tsiku limodzi panjira ya Bibbulmun, njira yaitali ya oyenda pansi yodutsa m'tchire, mawa masana tibwerere.

Lenzi yaifupi imatenga phiri lonse, koma mbalame imangooneka kadontho. Ina ija adadi amajambulira mphete pa maukwati a kutchalitchi, ndipo imafuna uyandikire mpaka mphuno itatsala pang'ono kugunda. Yachitatu ndi yaitali, yolemera ngati botolo lodzaza madzi. Ndinatenga yaitaliyo. Anti ndinawauza kuti ndi chifukwa cha mbalame. Zoona zake n'zakuti nayo umajambula uli patali, palibe wokuona.

Cha m'ma seveni tinakwera basi pasiteshoni, ine n'kugunditsa khadi langa la sukulu pamakina olipirira. Dalaivala ataona chikwama chondiposa msinkhu anafunsa ngati ndikuthawa pakhomo. Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Ku Kalamunda Anti anagula mapayi awiri anyama, tinadya tili chiimire, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

Naini koloko tinalowa m'tchire. Njirayi imalondoleredwa ndi tizikwangwani tachikasu tojambulidwa njoka.

"Dziko lanji lotsogoza njoka?" anatero Anti, koma anatsatira.

Cha m'ma leveni tinamva phokoso mumitengo. Zinali zinkhwe zakuda zamichira yofiira, zikuswa nthanga n'kumagwetsa makoko pamitu pathu. Ndinakweza kamera. Ndinajambula mpaka mikono kutopa. Titakhala pathanthwe kudya buledi wa chiponde, ndinaziyang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Nthambi. Thambo. Chinthu chakuda ngati sokosi yoyanika. Lenzi yaitali imakuza chilichonse, ndi kunjenjemera kwa manja komwe. Sindinawauze Anti. Iwonso sanafunse, anangondipatsa lalanje lawo.

Cha m'ma fili, titatsala pang'ono kufika pogona, ndinaona duwa m'mphepete mwa njira. Ndi laling'ono, loyera, la miyendo isanu yaitali ngati kangaude, pakati pali kamlomo ka timizere tofiira. Anti anawerama.

"Ameneyutu ndi mbale wake wa chinaka. Kwathu tikanakumba n'kuphika."

"Anti, kuno amamanga!"

"Ndangonena, mayi. Ndilibe khasu."

Ndinagwada kuti ndilijambule. Lenzi inangolira, kupita ndi kubwera, osagwira kanthu. Imafuna ubwerere m'mbuyo mapazi angapo. Nditabwerera, udzu unaphimba duwalo. Mbali inayo ndikanaponda tchire, ndipo m'njira muno saloleza. Ndinakumbukira lenzi ya mphete ili pa tebulo kunyumba, yopepuka ngati kapu ya tiyi.

Pogonapo ndi chisakasa cha matabwa cha makoma atatu, ndi thanki ya madzi a mvula. Tinapeza mayi wina wachizungu wa imvi akuwiritsa madzi. Anati dzina lawo ndi Helen, akuyenda okha kulowera kum'mwera kwa masabata angapo. Mswachi wawo anaudula chigwiriro kuti chikwama chipepuke, koma kamera ali nayo. Anaiyang'ana yanga n'kumwetulira.

"Inenso ndinkanyamula mzinga ngati umenewo," anatero m'Chingelezi. "Ndinaleka. Mbalame zimathawa, maluwa amadikira."

Anti anawafotokozera za duwa lija. Mayi Helen anati makamera athu ndi a mtundu umodzi. Anamasula lenzi yawo, yonga ya mphete ija, n'kunditambasulira.

"Ukufuna uyesere?"

Ndinkaifuna ndi mtima wonse. Koma kwathu anatiphunzitsa kuti wamkulu akakupatsa chinthu sulumphira. Umayamba wakana, iye akakamize, kenako ulandire ndi manja awiri.

"Ayi, zikomo, musavutike," ndinatero.

"Chabwino, palibe vuto," anayankha mokoma, n'kuibwezera pa kamera yawo. Anatenga kapu yawo n'kupita kukakhala padzuwa.

Ndinatsala manja ali m'malere, okonzeka kale kulandira. Anti anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Mwana iwe, unabwera kuno uli ndi zaka zinayi, sunadziwebe? Kuno safunsa kawiri. Ine chaka changa choyamba ndinagona ndi njala paphwando la kuntchito, ndikudikira kukakamizidwa."

"Anti, mukandipemphere."

"Ayi. Chithunzi ndi chako, pakamwa ndi pako."

Tsopano dzuwa lapendeka, Anti akuphika manudozi, ndipo ine ndikulemba nditatsamira thanki. Mayi Helen ali potero, akusoka lamba wa chikwama. Kawiri konse ndaimirira n'kukhalanso pansi. Lero ndaphunzira kuti lenzi susankha poganiza chimene ukuopa kuyandikira, umasankha poganiza chimene ukufuna kuona.

Ndawamva Mayi Helen akuuza Anti kuti mawa anyamuka seveni koloko. Duwa lili mphindi zisanu kuchokera pano, ndipo mawu oti ndikanene ndawalemba kale kuseri kwa dzanja kuti asandithawe. Mawa hafu sikisi, asanamange chikwama, ndipita ndekha kukaima pamaso pawo n'kunena kuti dzulo ndinakana, koma lenzi ija ndimaifuna.